Mkamwini M'khoma la Mayi Elube

Sitiroko itawagwira mayi Elube a ku Kawale, inatenga dzanja lamanzere ndi theka la mwendo, koma pakamwa inachita napo mantha. Amene anagulako kaunjika mumsika wa Mchesi zaka za m'mbuyomu akuwadziwa mawu amenewa. Mayi Elube akakuwa kuti "Tatsegula belo!" ngakhale makondakitala a minibasi ankayamba atonthola kaye. Nyumba yawo ya ku Kawale anaimanga ndi mawu omwewo, njerwa imodziimodzi, amuna awo atamwalira kale, ndipo panalibe msomali m'nyumbamo umene sanaudziwe mbiri yake.

Atatuluka m'chipatala, abale anakhala pansi pabalaza. Panali Thandie, mwana wawo yekhayo, ndi a Pemphani, mlongo wawo wa mayi Elube, amene anali mwini mbumba komanso nkhoswe ya ukwati wa Thandie. Mwamuna wa Thandie, Gilford, bambo wa mwana wawo Tusekele, anakhala panja pakhonde, pafupi ndi zenera.

Sikuti panali udani ayi. Mayi Elube anali a ku Dowa, a mwambo wakale uja woti mkamwini suyang'anizana naye, sudya naye mbale imodzi, sulankhula naye maso ndi maso. Chikwatireni Thandie, mawu onse ankadzera mwa iye: "Uwauze bambo a Tusekele kuti zikomo chifukwa cha feteleza." Gilford, mwana wa ku Ntchisi, ankaudziwa ulemu umenewu, ndipo akakumana pakhomo mwangozi, aliyense ankayang'ana kumbali ngati waona njoka.

"Amayi sangakhalenso okha," anatero Thandie. "Tiwatengere kwathu ku Area 18. Nyumba inoyi tiikemo alendi."

"Alendi?" Mayi Elube anamenya ndodo pansi. "Ndafa kodi? Mwandiika liti m'manda ine osadziwa?"

Mumtima munali zambiri kuposa zimene ananena. Anaona ana a eni akukhoma misomali m'makoma awo. Anaonanso nyumba ya ku Area 18, ya bafa limodzi ndi kanjira kopapatiza, iwo akukwawa ndi ndodo m'mawa n'kugundana ndi mkamwini atavala thawulo. Kalanga ine! Bola imfa.

Gilford ndiye anabweretsa nzeru, kulankhula kwake akuloza kwa mkazi wake kudzera pazenera. Ntchito yake inali ya magetsi a sola ndi makompyuta. Anati akhoza kuikonza nyumbayo kuti izimva mawu: amayi akalankhula, getsi liyake, chitseko chitseguke, geti itseguke, ketulo iwire, foni iimbe yokha. Manja sakafunika, pakamwa basi.

"Pakamwa ndiye ali napo," anatero a Pemphani, akukonza tayi yawo. Anali munthu wokonda kuoneka wotsogola chipumireni pantchito yoyendetsa galimoto za boma. "Tiyese. Zikayenda, achemwali akhala. Zikakanika, palibenso zokambirana, akupita ku Area 18."

Masiku amene Gilford ankakoka mawaya, mayi Elube ankaswera kwa mnansi wawo, mayi Salama a ku Mangochi, telala wa madiresi a ukwati. Ntchito itatha, Thandie anawalowetsa amayi ake m'nyumba, nkhope ili mwee. Pakhoma la pabalaza panali kasipika koyera kangati chivindikiro cha kapu.

"Mukafuna kanthu muziyamba ndi kuitana kuti Nyumba," anatero Thandie. "Taonani. Nyumba, yatsa getsi!"

Getsi linayaka. Ndipo m'khoma munatuluka mawu ofatsa, aulemu: "Ndayatsa, amayi."

Mayi Elube anauma thupi lonse, ndi mbali yamoyo yomwe. Mawu amenewo anali a Gilford. Osati ofanana nawo, koma enieniwo, ndi kamphuno kake komwe.

"Zogula m'sitolo zimangolankhula Chingerezi," anafotokoza Thandie monyadira. "Ndiye bambo a Tusekele aziphunzitsa Chichewa, mayankho onse ajambula okha. Sanagone nazo tulo. Bwerani muone kuchipinda."

Kuchipinda kasipika kena kanali pamwamba penipeni pa bedi. Kubafa kanalinso, pafupi ndi msomali wokolekapo chitenje.

"Nyumba!" anaitana Thandie m'bafamo.

"Ndili pano, amayi," anayankha mkamwini.

Mayi Elube anafuna nthaka ing'ambike alowemo. Koma akanati chiyani? Mnyamatayo anali chiimire panja, malaya ali fumbi lokhalokha, akudikira kuyamikiridwa. Ndipo nkhani ya bafa ndi mkamwini ungaiyambe bwanji kwa mwana wobala wekha?

"Uwauze kuti zili bwino," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo, mayi amene ankatontholetsa msika anakhala chete m'nyumba yawo yomwe. Kasipika ka kuchipinda anakaponyera chitenje ndi ndodo mpaka chinakola. Ngakhale atatero, povula ankapita kusitolo ya chimanga, kachipinda kosungiramo matumba, kokhako kumene kunalibe waya. Madzi a tiyi ankamwa ozizira a dzulo. Wailesi inali zii. Wina akagogoda pageti, ankangomusiya agogode mpaka atope, chifukwa kutsika masitepe a khonde okha kunali ulendo wa ku Mchinji.

Thandie anali atawauza kuti si munthu, ndi makina chabe, sangaone kanthu. Mutu unamva, koma khungu linakana. Tsiku lina akusamba, atakhala pa kampando, sopo anawapulumuka n'kuthawira pakona. Mkwiyo unawatsamwa, nadandaula mokweza: "Zoona ine kuzunzika chonchi, nyumba yanga yomwe!"

"Ndili pano, amayi."

Mayo! Anakhuthula ndowa yonse ndi mwendo wabwinowo, nakoka chitenje chonyowa kudzifunditsa mpaka kumutu. Kuchoka apo kusamba kunasanduka kupukuta ndi kansalu kusitolo ya chimanga. Anayamba kudzimva fungo, iwo amene moyo wawo wonse anali mayi waukhondo, ndipo zimenezi zinawawawa kuposa mwendo.

Thandie akaimba foni kufunsa, yankho linali lomwelo: "Zili bwino."

Chakudza sichiimba ng'oma. Madzulo ena kunja kutachita mitambo, m'nyumba munada msanga. Mayi Elube anafika pansi pa swichi ya pabalaza, nakweza ndodo kuti aikankhe monga ankachitira masiku onsewo. Koma ndodo ikakhala m'mwamba, thupi latsamira chiyani? Mwendo wodwalawo unapinda, ndipo anagwa chammbali, phewa n'kumenya mwendo wa tebulo.

Anayesa kudzuka, zinakanika. Foni inali kuchipinda. Kasipika kanali pomwepo pamwamba pawo, kagetsi kake kobiriwira kakuphethira. Ankadziwa bwinobwino mawu ake: Nyumba, imbira Thandie. Anatsegula pakamwa. Kenaka anadziyang'ana, chitenje chitamasuka, miyendo ili pamtunda, duku lili uko. Aitane mkamwini ali chomwechi? Anatsekanso pakamwa nagona pasimenti pozizira, misozi ikutsikira m'khutu.

Thandie ndiye anawapeza, atadzera pochoka kuntchito ndi ndiwo. Anatsegula geti ndi foni yake, nalowa mumdima n'kutsala pang'ono kuwaponda.

"Amayi! Mwagwa nthawi yanji? Bwanji osaitana? Mawu atatu okha, amayi!"

Mayi Elube anangoyang'ana kudenga.

Thandie anaona chitenje pa kasipika, ketulo youma, ndowa kusitolo ya chimanga. Analira ngati mwana. "Matendawa afika kumutu, ife osadziwa. Basi, zakwana. Loweruka tikubwera ndi lole. Sindingadikire kuti ndidzakupezeni mutauma."

M'mawa mwake mayi Salama anabwera ndi phala, atamva zonse. Mayi Elube anawakodola kuti atuluke panja, pansi pa mpapaya, chifukwa m'nyumba sakanalankhula. Kumeneko, monong'ona, anaulula.

Mayi Salama anayamba ndi kutsegula maso. Kenaka anagwira pakamwa. Kenaka anaphulika, kuseka mpaka kukhala pansi, mpango utapendekeka.

"Mukundiseka?" anakalipa mayi Elube. "Akundilanda nyumba, inu mukuseka?"

"Pepani, amake Thandie, pepani," anatero mayi Salama akupukuta misozi. "Koma inu! Mayi woopedwa Mchesi yense, kugona pasimenti chifukwa cha manyazi? Wallahi, ndikanamva kwa wina ndikanatsutsa. Ifenso kwathu apongozi timawaopa, sindikukunyozani. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwana wanu akuyesa mwazungulira mutu, ndipo mukapitiriza kukhala duu, Loweruka mukwera lole."

"Ndinene bwanji? Kwa mwana wanga? Za bafa?"

"Nanga ankhoswe ntchito yawo ndi kudya nkhuku pa chinkhoswe basi? Nkhani ya mkamwini imadzera kwa nkhoswe. Muuzeni mlongo wanu kuti pali mlandu."

Mayi Elube anayang'ana nyerere zikukwera mpapaya. Mlandu. Inde, iyi inali njira yoti munthu n'kuyendamo mutu uli m'mwamba. Manyazi aja anayamba kusungunuka, ndipo pansi pake anapeza mkwiyo wakale uli bwinobwino, wosagwidwa sitiroko.

"Bwerekeni foni yanu," anatero. "Ndipo Loweruka m'mawa mudzandithandize kusamba kwanu. Ndikufuna ndidzaoneke ngati munthu."

Loweruka lole inafika dzuwa litakwera, dalaivala n'kuiimika kunja kwa geti. Thandie analowa ndi makatoni ndi zingwe, Gilford n'kutsalira panja. A Pemphani anatsika minibasi kuchokera ku Area 25, tayi ili pakhosi ngakhale kunali kotentha. Anapeza mayi Elube atakhala pampando wawo pakati pa balaza, atavala chilundu chatsopano, duku lomangidwa mwa mvano, ndodo itapingasa pamiyendo.

"Makatoniwo ikani pansi," anatero. "Achimwene, khalani apa. Bambo a Tusekele akhale pakhonde, pazenera, amve bwino. Ndili ndi mlandu ndi banja limene munaimira inu."

Thandie anayang'ana amalume ake. Aka kanali koyamba kumva amayi ake akulankhula mokweza m'nyumbamo chiikireni timasipika.

"Achimwene," anayamba mayi Elube, nkhope atalozetsa kukhoma losiyana ndi zenera, "tandifunsireni apongozi angawo. Chilowereni m'banja lino, ndinayamba ndawatumako ngati mwana? Ndinayamba ndawaitanako ndi pakamwa panga kuti yatsa ichi, tseka icho?"

A Pemphani anatembenukira kuzenera. "Mwamva funso, a Gilford?"

"Ndamva, amalume. Sanayambe atero."

"Muwafunsenso. Mayi wa mkazi wawo akamasamba, iwo amayenera kukhala kuti?"

Pakhonde panamveka kukhosomola. "Kutali, amalume. Kutali kwambiri."

"Thandie, pita kubafa. Usatseke chitseko. Ukaitane monga unandiphunzitsira."

Thandie anapita, akuoneka kuti sakumvetsa. Onse anatchera khutu.

"Nyumba!"

"Ndili pano, amayi."

Mawuwo anamveka bwino lomwe, akuchokera m'bafa la mayi Elube, pamene mwini wake anali pakhonde. Kunja kunamveka mpando ukugwa. Gilford anali atadzuka, manja ali kumutu.

"Ambuye wanga!" anatero. "Amalume, ndachita chiyani ine?"

Thandie anabwerera pang'onopang'ono, dzanja lili pakamwa. Anayang'ana chitenje chimene chinali chikulendewerabe pa kasipika ka kuchipinda, nayang'ana amayi ake. "Ndiye chifukwa chake? Masiku onsewa? Amayi, bwanji osandiuza?"

"Ukanakhala iwe ukanawauza bwanji amako?"

A Pemphani okha ndi amene anafuna kuonetsa kutsogola. Anaseka pang'ono, akugwedeza mutu. "Achemwali, komatu apa tisakokomeze. Awa ndi makina. Dziko linapita patsogolo. Mulibe munthu m'khomamo, ndi mawu chabe."

Apa ndiye anaputa mavu. Mayi Elube anatembenuka ndi mpando womwe.

"Inu? Inuyo mukundiphunzitsa za kutsogola? Si inu amene munaona apongozi anu akubwera panjira ya ku Mponela, n'kulumphira m'tchire osayang'ana, n'kugwera m'chitedze? Ndani anakusambitsani ndi phulusa sabata yonse mukulira ngati mbuzi? Apongozi anuwo anakugwirani? Anakulankhulani? Munangoona duku lawo patali! Lero ine ndivule pamaso pa mawu a mkamwini, mukuti ndi mawu chabe?"

Thandie anaphulika kuseka misozi ili m'maso. A Pemphani anamasula tayi, nayang'ana nsapato zawo.

"Chitedze chija chinali choopsa," anavomera chapansipansi. "Mlandu wamveka."

Gilford anagwada pakhonde, kunja kwa zenera. Anati sanaganize. Anafuna munthu wojambula mawu, ndipo amene anali pafupi usiku ndi usana anali iye mwini. Ankayesa kuti poyankha yekha ndiye kuti akuwatumikira amayi. Mayi Elube anamumvera chisoni, pakuti mnyamatayo analakwa chifukwa cha chikondi.

"Muwauze adzuke," anatero. "Ntchito yawo sindinaikane. Ndakana kusamba nawo basi. Atulukemo m'khomamo."

"Zimenezo n'zosavuta," anatero Gilford, akuuza mkazi wake. "Laputopu ili m'chikwama. Tingojambula mawu ena. Mwina ako, amake Tusekele."

"A uyu?" Mayi Elube analoza mwana wawo ndi ndodo. "Amene wabwera ndi zingwe kudzandimanga ngati thumba la makala? Kuti azindiyankha mwano m'khoma usana wonse? Iyayi. M'nyumba muno munamveka mawu a munthu mmodzi chiyambire maziko. Mujambule anga."

Ntchito inayamba pomwepo. Gilford anakhala pakhonde ndi laputopu pamaondo, Thandie atagwira foni pakamwa pa amayi ake, a Pemphani ali pakati kupititsa mawu ngati womasulira wa kutchalitchi.

"Akuti munene kuti, Ndayatsa," anatero a Pemphani.

"Ndayatsa, mwini wake," anatero mayi Elube.

"Amayi, akuti Ndayatsa basi," anatero Thandie.

"Nyumba yanga idzandiyankha mmene ndikufunira ine. Pitirizani."

"Akuti munene kuti, Sindinamve, bwerezaninso."

"Lankhulani bwino, simunadye kodi?"

Gilford anamveka akudziletsa kuseka kunjako, koma anajambula momwemo. Anapitiriza chomwecho, geti, ketulo, wailesi, fani, mpaka dzuwa linapendeka. Dalaivala wa lole anali atagona m'galimoto, miyendo ili pazenera.

Potsiriza Gilford anati zatheka. Mayi Elube anazindikira kuti mlandu apambana, koma nyumba sanaipulumutse. Chiikireni makinawo, anali asanawalamulepo ngakhale kamodzi. Nanga akakana kuwamvera? Makatoni anali pomwepo pakhomo, ndipo Thandie anali atasiya kuseka.

Mayi Elube anayang'ana kasipika. "Nyumba," anatero, mawu akutuluka ofooka ngati a munthu wopempha mchere. "Yatsa getsi."

Palibe chinachitika. Kenaka khoma linayankha ndi mawu awo omwe, okalipa: "Lankhulani bwino, simunadye kodi?"

Aaa! Kunyozedwa ndi iwe mwini pamaso pa anthu! Mayi Elube anawongola msana, nakoka mpweya kuchokera kumene unkachokera masiku a belo latsopano.

"Nyumba! Yatsa getsi!"

Getsi linati ngwee. "Ndayatsa, mwini wake."

"Nyumba! Wailesi!" Nyimbo inabuka. "Nyumba! Ketulo! Nyumba! Fani!" Kukhitchini kunayamba kusokosera, makatani anayamba kuvina, ndipo khoma linkangoti mwini wake, mwini wake. A Pemphani anaomba m'manja ngati ali kumpira. Mayi Elube anamva chimwemwe chikukwera kuchokera m'mimba, chimene sanachimve chigonereni m'chipatala, ndipo anaseka mpaka mano a m'mbali kuoneka.

Koma Thandie sanaombe m'manja. Anagwada pafupi ndi mpando, nagwira dzanja lakufa lija.

"Getsi si limene linandiliza, amayi. Ndinakupezani pansi. Mukagwanso?"

Mayi Elube anamuyang'ana mwana wawo, naona kuti mantha ake anali enieni. Anapereka ndodo kwa a Pemphani, nagwira mkono wa mpando, nayamba kutsetsereka.

"Amayi, mukutani?"

"Usandigwire!"

Anafika pansi, nagona chammbali pasimenti, pamalo pomwe anagwera paja. Chilundu anachikokera bwino kumapazi. Kenaka anakuwa:

"Nyumba! Imbira Thandie!"

M'chikwama cha Thandie foni inayamba kulira.

"Nyumba! Tsegula chitseko! Tsegula geti! Itana a Salama!"

Loko wa chitseko anati khetye. Geti inayamba kukwekwereza. Kuseri kwa mpanda belu limene Gilford anaika m'shopu ya mayi Salama linalira, ndipo posakhalitsa mwini wake anatulukira akuthamanga, tepi ili m'khosi, nsapato imodzi itatsala panjira.

"Agwanso? Ali kuti?" Anaima pakhomo akupuma mwawefuwefu, naona mnzawo ali gone pansi akumwetulira. "Inu amake Thandie, mwandisiyitsa diresi la mkwatibwi chifukwa cha masewera?"

"Ndimafuna mwanayu aone liwiro lanu," anatero mayi Elube. "Tandidzutsani."

Anawadzutsa awiriwo, mayi Salama ndi Thandie, n'kuwakhazika pampando. Foni inali ikulirabe m'chikwama. Thandie anaitulutsa, naiyang'ana nthawi yaitali, dzina la amayi ake likuphethira pagalasi. Anaizimitsa, napukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Amalume," anatero, "nenani inu."

A Pemphani anaimirira, nakonza tayi imene inali itapita kale paphewa. "Tinapangana kuti zikayenda, achemwali akhala. Ine ndaona ndi maso anga. Amene akufuna kuwachotsa muno ayambe wapempha chilolezo kwa khomalo."

Mayi Salama analuluta mpaka ana a m'makwalala anasonkhana pageti. Mayi Elube anadikira kuti phokoso lichepe, kenaka anakoka Thandie pafupi, koma analankhula mokweza kuti pakhonde pamveke.

"Uwauze bambo a Tusekele kuti manja awo ndi odala. Andibwezera nyumba yanga. Ukawaphere nkhuku, ndipo chiwindi usadye ndiwe."

Kunja kwa zenera Gilford anaomba m'manja mwaulemu, katatu konse.

Nthululu zija zinamudzutsa dalaivala. Anatsika m'lole akutikita maso, naona geti ili pululu, anthu akuseka m'nyumba, koma panja popanda ngakhale mpando umodzi. Analiza hutala, kenaka anafika pa kasipika ka pageti nagogoda ndi kiyi.

"Odi kumeneko! Kukuda, abwana, ine ndili ndi ulendo wina ku Area 36. Katundu uja ali kuti?"

Thandie anadzuka kuti akamufotokozere, koma mayi Elube anamutchinga ndi ndodo.

"Khala pansi. Mlendo wa pakhomo pano ndimamuyankha ndine. Nyumba! Ndipatse wa pagetiyo."

"Lankhulani, mwini wake."

Mayi Elube anatsamira kumpando, nakweza chibwano, ndipo mawu awo anatulukira pageti mpaka anamveka kumsewu.

"Achimwene a lole, pepani pokudikiritsani. Katundu wake ndine, ndipo ndakana. Muyende bwino."